Momwe mungafufuzire tizamoyo tosintha amoniya m'matope a pansi pa nyanja ya mchere

Zomera, nsomba ndi zamoyo zina zikafa m'nyanja ya mchere zimamira n'kukawolera m'matope a pansi. Zikamawola zimatulutsa amoniya, ndipo amoniyayo amakwera pang'onopang'ono kulowera pamwamba pa matope. Okosijeni naye amachokera m'madzi n'kulowa m'matopemo, koma safika patali. M'matope a m'mphepete mwa nyanja nthawi zambiri amathera pa mamilimita ochepa, mwina awiri, mwina asanu. Pamene awiriwa akumana ndi pamene pamakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso tomwe timapeza mphamvu posandutsa amoniya kukhala nitrite. Tizamoyo tina timasandutsa nitrite ameneyu kukhala nitrate, ndipo nitrate akatsikira kumene kulibe okosijeni amasanduka mpweya wa nayitrojeni n'kuuluka. Umu ndi momwe matope a m'magombe ndi a kumathiriro a mitsinje amachotsera gawo lina la nayitrojeni wochokera ku fetereza ndi ku zonyansa za m'mizinda. Ntchito yoyambayo ikaima, zonse zotsatirazo zimafooka.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kudziwa kuti m'matope omwe akufufuza muli tizamoyo titi, n'tochuluka bwanji, ndipo tikugwira ntchito mofulumira bwanji. Mafunsowa ndi atatu ndipo yankho la limodzi silingalowe m'malo mwa linzake. Kafukufuku wambiri amagwa pamenepa: munthu amawerenga makope a jini (kachigawo ka DNA konyamula malangizo a selo) n'kulemba ngati wayeza ntchito.

Dziwani kaye amene mukufunafuna

Kuyambira 1890, pamene Sergei Winogradsky anafotokoza mabakiteriya ochita ntchitoyi, anthu ankaganiza kuti ndi mabakiteriya okha amene amaichita. M'nyanja ya mchere otchuka ndi Nitrosomonas, Nitrosospira ndi Nitrosococcus. Mu 2005 Martin Könneke ndi anzake analera kachamoyo ka mtundu wa archaea (tizamoyo ta selo imodzi tosiyana ndi mabakiteriya) kochokera m'thanki ya Seattle Aquarium, nakatcha Nitrosopumilus maritimus, ndipo anaonetsa kuti nakonso kamakhalira amoniya. Mu 2009 zinadziwika kuti kachamoyoka kamatha kugwira amoniya ngakhale ali wochepa kwambiri, pa manambala oyandikira 133 nanomolar, pomwe mabakiteriya ambiri odziwika amafuna wochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Mu 2015 kunatulukiranso gulu lachitatu, mitundu ina ya Nitrospira yotchedwa comammox, yomwe imatha ntchito yonse yokha kuchoka pa amoniya kufika pa nitrate. Iyi imapezeka kwambiri m'madzi opanda mchere ndi kumathiriro a mitsinje.

Magulu atatuwa onse ali ndi enzyme (puloteni yoyambitsa kusintha kwa amoniyayo) yotchedwa ammonia monooxygenase, ndipo jini ya amoA, yomwe imapanga mbali imodzi ya enzyme imeneyi, ndiyo chizindikiro chomwe ofufuza amatsata. Pali gulu lina lomwe musalisokoneze ndi awa: mabakiteriya a anammox, monga Candidatus Scalindua, omwe amaphatikiza amoniya ndi nitrite kumene kulibe okosijeni. Alibe amoA, choncho njira zowerengera amoA siziwaona.

Sitepe yoyamba: malo, chilolezo ndi chiwerengero cha machubu

Sankhani malo potsata chinthu chomwe chikusintha, kaya ndi mchere wa madzi kuchoka kumtsinje kulowera kunyanja, kaya ndi kuya, kaya ndi mtunda kuchoka pamene zonyansa zimathirira. Pa malo aliwonse tengani machubu osachepera atatu, otalikirana pang'ono. Kugawa chubu chimodzi patatu sikupereka masampulo atatu odziimira paokha, ndipo matope amasiyana kwambiri ngakhale pa mtunda wa dzanja limodzi. Ngati matopewo mudzawatulutsa m'dziko lomwe mwawatenga, konzani zilolezo nthawi ikadalipo, chifukwa Nagoya Protocol, mgwirizano wa mayiko wokhudza kutenga zamoyo m'dziko lina, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2014, imakhudzanso tizamoyo ndi DNA yake.

Sitepe yachiwiri: kutenga matope osawasokoneza

Apa ndi pomwe kafukufuku amapulumukira kapena kufera. Chida chotapa matope ngati fosholo sichithandiza, chifukwa chimasakaniza kagawo kapamwamba ndi matope akuda a pansi. Gwiritsani ntchito chubu cha pulasitiki yoonekera mkati, chotseguka mbali zonse, chokhala ndi mlomo wakuthwa. Pamalo osaya chilowetseni ndi manja pang'onopang'ono, chili chilili, tsekani pamwamba ndi chotsekera cha labala, kumbani m'mbali, tsekani pansi musanachinyamule. Panyanja yakuya ntchitoyi imachitika ndi chida chotchedwa multicorer, chomwe chimatsika mofatsa n'kulowetsa machubu angapo nthawi imodzi.

Chubu chikatuluka, chiyang'aneni pa kuwala. Madzi a pamwamba pa matope akhale oyera, pamwamba pa matope pakhale pafulati, ndipo mzere wosiyanitsa matope ofiirira a pamwamba ndi otuwa kapena akuda a pansi uzioneka bwino. Madziwo akakhala avundu, tayani chubucho mutenge china. Musachite nacho chisoni. Madzi a pamwambawo musawakhuthule. Sungani chubu chili chilili, pamdima, pa kuzizira kofanana ndi kwa pansi pa nyanja pomwe chachokera, ndipo lembani nthawi yomweyo kutentha kwa madzi, mchere wake, okosijeni wake ndi ola lomwe mwatenga. Ngati pali fungo la mazira owola, lembaninso. Limeneli ndi fungo la sulfide, ndipo Samantha Joye ndi James Hollibaugh anaonetsa mu 1995 kuti sulfide amaimitsa ntchito ya tizamoyoti m'matope a kumathiriro a mitsinje.

Lembaninso mauna a nyongolotsi, nkhanu ndi nkhono zomwe mukuona. Nyamazi zimapopera madzi a okosijeni m'mauna awo, choncho makoma a una amatha kukhala ndi tizamoyo tambiri togwira ntchito pa masentimita 10 pansi, pomwe matope oyandikana nawo alibe okosijeni n'komwe.

Sitepe yachitatu: yezani okosijeni musanadule chilichonse

Mpeni usayandikire chubu musanadziwe pomwe okosijeni akuthera. Gwiritsani ntchito microsensor ya okosijeni, yomwe nsonga yake ndi yopyapyala ngati tsitsi. Iyikeni pa chida choitsitsa pang'onopang'ono, muziwerenga pa ma micrometer 100 kapena 200 aliwonse, kuyambira m'madzi mpaka pomwe nambala yafika pa ziro ndi kupitirira pang'ono. Musanayambe, yesani chidacho m'madzi a m'nyanja odzaza mpweya ndi m'madzi opanda okosijeni, onse pa kutentha ndi mchere wofanana ndi wa sampulo. Madzi a pamwamba pa matope aziyenda pang'ono poyeza, chifukwa akangoti phee okosijeni wa pafupi ndi matope amachepa ndipo mudzapeza kuya kochepa kuposa kwenikweni. Bwerezani katatu pa malo osiyana m'chubu chomwecho.

Zomwe mwapezazo ndizo zikuuzeni kadulidwe. Kuya kumeneku kumasiyana modabwitsa. M'matope a m'gombe olemera ndi zowola ndi mamilimita. Pansi pa nyanja yakuya ndi masentimita. Pakatikati pa South Pacific, pomwe chakudya chomira n'chochepa kwambiri, ofufuza a ulendo wa IODP Expedition 329 mu 2010 anapeza okosijeni atalowa mamita makumi angapo mpaka pa thanthwe. Palibe muyeso umodzi wodulira womwe ungagwire ntchito malo onsewa.

Sitepe yachinayi: kudula

Popani madzi a pamwamba mofatsa ndi sirinji, musungeko ena oti muyeze. Ikani chubu pa chokankhira chomwe chimakweza matope kuchokera pansi, kenaka muzidula gawo lililonse likatuluka pamwamba ndi kachitsulo kopyapyala kotsukidwa ndi ethanol. Ngati okosijeni akuthera pa mamilimita 4, kudula sentimita yathunthu ndiye kuti mwasakaniza gawo lomwe mukufuna ndi matope ena ochuluka kuposa ilo. Dulani mamilimita awiriawiri mpaka mutadutsa malire a okosijeni, kenaka theka la sentimita, kenaka sentimita. Matope omwe akhudza khoma la chubu atayeni, poti khomalo limakokera matope a pamwamba kutsikira pansi. Tengani apakati okha.

Gawo lililonse ligaweni pompo: ena a DNA ndi RNA, ena a madzi a m'matope, ena oyezera ntchito, ena oumika. A RNA ndiwo oyamba, ndipo alowe mu nayitrojeni wamadzi mphindi zochepa chidulireni, chifukwa RNA yonyamula uthenga wa jini imaonongeka kapena kusintha mofulumira kwambiri. Kenaka asungidwe pa -80 °C. Sampulo yomwe yasungunuka panjira n'kuumanso siingakuuzeni za RNA, ngakhale DNA yake ingathandizebe.

Oumikawo ayezeni kulemera ali onyowa, aumikeni mpaka kulemera kutasiya kusintha, yezaninso. Popanda nambala imeneyi simungayerekeze matope amadzimadzi a pamwamba ndi matope othina a pansi.

Sitepe yachisanu: madzi a m'matope

Madziwa mungawatulutse ndi centrifuge kapena ndi timachubu totchedwa Rhizon tolowetsa m'mbali mwa chubu china chobooledwa kale. Asefeni n'kuwaumitsa mufiriji ngati simuyeza tsiku lomwelo. Amoniya yezani ndi njira ya indophenol blue, kapena ya OPA ngati ali wochepa. Nitrite yezani ndi njira ya Griess, ya sulfanilamide ndi NED, yomwe imapereka mtundu wa pinki wowerengeka pafupi ndi 540 nm. Nitrate msandutseni kaye nitrite pogwiritsa ntchito cadmium kapena vanadium chloride. Madzi oyerekezera akhale ndi mchere wofanana ndi wa sampulo. Kumbukiraninso kuti amoniya wambiri amamatirira ku dongo, choncho kuti mudziwe yense gwedezani matope ena mu potassium chloride n'kuyeza madziwo.

Nitrate akachuluka pang'ono pansi pa pamwamba pa matope kuposa m'madzi a pamwamba, chimenecho ndi chizindikiro choyamba chakuti tizamoyo tikugwiradi ntchito pamenepo.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: DNA ndi kuwerenga amoA

Tengani matope okwana kotala kapena theka la galamu. Gwiritsani ntchito njira yomwe imaphwanya maselo powagwedeza ndi timikanda, monga ya DNeasy PowerSoil, ndipo masampulo onse adutse njira imodzi. Nthawi iliyonse mukutulutsa DNA, onjezani kachubu kopanda matope koti kadutse masitepe onse. Mankhwala a mu labu amakhala ndi DNA yawo pang'ono, ndipo m'matope a nyanja yakuya momwe maselo ndi ochepa, DNA imeneyi ikhoza kukupusitsani.

Matope amabwera ndi ma humic acid omwe amalepheretsa PCR, njira yochulukitsira DNA mu labu. DNA ikatuluka yofiirira, dziwani kuti alimo, koma ngakhale yoyera ikhoza kukhala nawo. Yesani motere: sungunulani sampulo imodzi ka 10 ndi ka 100, muone ngati manambala akutsika mogwirizana. Ngati yosungunula ikupereka makope ambiri mukawerengera, ndiye kuti yosasungunulayo inali yotsekerezedwa. Kuthira puloteni ya BSA pang'ono kumathandiza.

Pa qPCR, yomwe ndi PCR yowerenga makope a jini, mufunika ma primer (tizidutswa ta DNA tolozera jini yoti ichulukitsidwe) osiyana pa gulu lililonse. A mabakiteriya ndi amoA-1F ndi amoA-2R, omwe Rotthauwe ndi anzake anafalitsa mu 1997, ndipo amapereka chidutswa cha 491 bp (bp ndi muyeso wa utali wa DNA). A archaea ndi Arch-amoAF ndi Arch-amoAR a Christopher Francis ndi anzake a mu 2005, opereka 635 bp. Pali msampha womwe ambiri sautchula: ma primer a Rotthauwe amagwira Nitrosomonas ndi Nitrosospira, koma sagwira Nitrosococcus, yemwe ndi wa m'nyanja ya mchere weniweni. Sagwiranso comammox. Ngati simunafunefune magulu amenewa ndi ma primer awoawo, lembani kuti simunawafunefune, osati kuti kulibe.

Konzani muyeso woyerekezera wa makope odziwika, wosungunulidwa ka 10 motsatizana, masitepe osachepera asanu. Efficiency, yomwe imaonetsa momwe DNA ikuchulukira pa ulendo uliwonse wa PCR, ikhale pakati pa 90 ndi 110 peresenti. Yang'anani melt curve, chithunzi choonetsa ngati chidutswa chotuluka ndi cha mtundu umodzi, ndipo zina mwa zotuluka ziyendetseni pa gel kuti muone kuti chidutswacho ndi chautali woyenera, chifukwa SYBR Green, utoto wa mu qPCR, imawala pa DNA iliyonse yomwe yachulukitsidwa, yolondola ndi yolakwika yomwe. Perekani manambala pa galamu ya matope ouma.

Makope a jini si maselo. Nitrosopumilus maritimus ali ndi kope limodzi la amoA, Nitrosomonas europaea awiri, Nitrosospira multiformis atatu. Komanso selo ya bakiteriya ndi yaikulu kuposa ya archaea ndipo imasintha amoniya wambiri pa ola, choncho gulu lochepa pa chiwerengero likhoza kukhala lomwe likugwira ntchito yambiri.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: kudziwa mitundu

Mukafuna mayina, werengani ndondomeko ya zilembo za DNA ya amoA yomwe mwachulukitsa. Chenjerani ndi utali: chidutswa cha 635 bp sichilumikizana pa makina a Illumina owerenga 300 bp mbali iliyonse, choncho sankhani ma primer a chidutswa chachifupi, kapena gwiritsani ntchito mbali imodzi, kapena makina owerenga zazitali. Ndondomeko iliyonse itembenuzeni kukhala ma amino acid, ndipo yomwe ili ndi stop codon (chizindikiro cha mapeto a puloteni) pakati itayeni. Poika mayina a archaea, tsatirani kagawidwe ka amoA komwe Ricardo Alves ndi anzake anafalitsa mu 2018, kuti zanu zitheke kuyerekezedwa ndi za ena. Mudzaonanso kuti mabuku amatchula gululi mosiyana: akale amati Crenarchaeota, kuyambira 2008 anayamba kunena Thaumarchaeota, ndipo atsopano amati Nitrososphaerota kapena Nitrososphaeria. Pofufuza zolembedwa, gwiritsani ntchito mayina onse.

Sitepe yachisanu ndi chitatu: kuyeza ntchito yeniyeni

Gawo ili ndi lotopetsa ndipo ndi lomwe ambiri amalidumpha, koma ine sindingakhulupirire kafukufuku wa tizamoyoti yemwe alibe. Chifukwa chake n'chakuti matope amasunga DNA ya maselo akufa kwa nthawi yaitali, ndiponso archaea a m'madzi amamira n'kukwiririka. Mukhoza kupeza amoA yambiri pa masentimita 30 pansi, pomwe kulibe okosijeni, koma palibe amene akusintha amoniya kumeneko.

Njira yosavuta ndi yosungunula matope m'madzi a m'nyanja osefedwa. Ikani matope oyezedwa kulemera m'botolo, thirani madzi a mchere wofanana, thirani amoniya, ndi sodium chlorate wokwana 10 mM kuti nitrite asasandulike nitrate koma aziunjikana. Gwedezani mosalekeza kuti okosijeni asathe, pamdima popeza kuwala kumafooketsa tizamoyoti, pa kutentha kwa komwe matope achokera. Tapani madzi pang'ono poyamba ndi maulendo ena anayi kapena asanu mkati mwa tsiku limodzi, muziyeza nitrite. Gwiritsani ntchito gawo lomwe nitrite akukwera molunjika. Mukadikira masiku angapo tizamoyo timayamba kuswana, ndipo mudzakhala mukuyeza gulu lomwe mwalera nokha.

Nambala imeneyi ndi ya zomwe matope angathe atapatsidwa zonse. Si ya zomwe akuchita pansi pa nyanja. Amoniya wambiri amene mwathira amakomera mabakiteriya kuposa archaea ozolowera njala, choncho ndi bwino kukhala ndi mabotolo ena othiridwa pang'ono kwambiri ndi ena osathiridwa.

Kuti mulekanitse ntchito ya magulu, pali mankhwala oletsa. Acetylene amaimitsa onse ogwiritsa ntchito ammonia monooxygenase, choncho ndi woyenera botolo loyerekezera. Allylthiourea wochepa ndi 1-octyne amaimitsa mabakiteriya kwambiri kuposa archaea. PTIO amachita mosiyana, amaimitsa archaea kwambiri. Palibe mwa atatuwa amene amadula mwangwiro: octyne anayesedwa poyamba pa dothi la kumtunda, ndipo matope amayamwa mankhwala ena. Yesani milingo ingapo pa matope anu, ndipo gwiritsani ntchito mankhwala awiri osiyana kuti muone ngati akuloza kumodzi.

Ngati muli ndi mwayi wa makina oyeza ma isotope, njira yoyandikira zenizeni ndi yothira amoniya wa 15N (nayitrojeni wolemera pang'ono kuposa wamba wa 14N) wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene alimo kale, makamaka m'chubu chosadula, kenaka kutsata 15N mu nitrite ndi nitrate. M'matope gawo lina la nitrate limasanduka mpweya nthawi yomweyo, choncho yezaninso 15N mu mpweya wa nayitrojeni, apo ayi nambala yanu idzakhala yochepa. Sungani mabotolo ena opanda okosijeni. Mukathiramo amoniya wa 15N pamodzi ndi nitrite kapena nitrate wamba n'kupeza mpweya wa nayitrojeni wa kulemera 29 (15N ataphatikana ndi 14N), ameneyo ndi anammox, monga momwe Bo Thamdrup ndi Tage Dalsgaard anaonetsera mu 2002 m'matope a ku Skagerrak. Amene akutsata za nyengo angayezenso nitrous oxide m'mabotolo omwewo, popeza mabakiteriya ndi archaea onse amatulutsa mpweya umenewu.

Sitepe yomaliza: ikani zonse pa chithunzi chimodzi

Jambulani okosijeni, amoniya, nitrate, makope a amoA a gulu lililonse, RNA ngati muli nayo, ndi liwiro la ntchito, zonse motsata kuya kumodzi. Yambani ndi kufunsa ngati manambala akugwirizana: gawani liwiro lomwe mwayeza ndi chiwerengero cha maselo chomwe mwayerekeza, muone ngati selo imodzi ingathedi kuchita zochuluka chotero poyerekeza ndi zomwe zinapezeka pa tizamoyo tolera mu labu. Ngati nambala ikuposa, ndiye kuti pali gulu lomwe ma primer anu analiphonya, kapena PCR inatsekerezedwa. Ngati ili pansi kwambiri, ambiri mwa makopewo ndi a maselo akufa kapena ogona.

Musabwere ndi yankho lokonzeratu lakuti archaea ndiwo amalamulira m'nyanja. Pansi pa nyanja yakuya, pomwe amoniya ndi wochepa, nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma Annika Mosier ndi Christopher Francis anapeza mu 2008 kuti m'matope a San Francisco Bay mabakiteriya ankaposa archaea m'madera a mchere wambiri, ndipo archaea ankachuluka kumene mchere unali wochepa. Mchere, sulfide, kuchuluka kwa zowola ndi mauna a nyama zimayendera limodzi, choncho musasankhe chimodzi n'kuchitcha choyambitsa musanachiyese pachokha m'botolo. Ngati malowo ali ndi nyengo zosiyana, bwererani pa nyengo ina ndi machubu a kukula komweko, kadulidwe komweko ndi ma primer omwewo, ndipo ndondomeko za DNA zomwe mwapeza ziikeni m'nkhokwe za DNA za pa intaneti, GenBank kapena ENA, pamodzi ndi kuya kwa gawo lililonse, okosijeni wake ndi mchere wake.